Alamu Savula Nsapato

Pampanda pathu ku Ndirande pali nyumba za lendi 7, bafa limodzi, ndi munthu mmodzi wolemekezeka. Munthuyo ndi mlamu wanga, amuna awo a achemwali anga. Amagwira ntchito mu ofesi ina ku Ginnery Corner. Chimene amachita kumeneko palibe akuchidziwa bwinobwino, koma nsapato zawo tonse timazidziwa: zakuda bii, zosongoka kutsogolo ngati kamwa la ng'ona. Kukamacha amakhala ali kale pakhonde ndi kachitini ka Kiwi, burashi ndi kansanza, kupukuta mpaka ana opita kusukulu amadziyang'anirapo ngati kumaso kwatsala phala.

Musawaseke. Tauni ino imayamba kumuyeza munthu kuchokera pansi. Mlonda wa pageti asanaone nkhope yako amayamba waponya diso kuphazi. Wa nsapato yotseka amamva "Lowani, bwana." Wa patapata amamva "Mukufuna ndani?" N'chifukwa chake mapazi a alamu amalowa m'ndende 6 koloko m'mawa n'kudzatuluka 8 koloko usiku, atavekedwa sokosi za nayiloni za pakaunjika. Mu Okutobala amaphikidwa ndi dzuwa. Mu Januwale amanyowa ndi matope a m'mbali mwa Nasolo, n'kukhala chinyowere tsiku lonse pansi pa desiki. Nsapato ikafika panyumba imalandira burashi ndi mawu achikondi. Phazi limangothiridwa madzi kamodzi, kuu, basi.

Tinayamba kuzindikira kuti china chake chavuta ku tchalitchi. Pakati pa ulaliki alamu anayamba kupondetsa chidendene cha phazi lamanja pa zala za phazi lamanzere, n'kumachipotokola pang'onopang'ono, maso atatsinzina, milomo ikunjenjemera. Amayi ena a mvano ananong'onezana kuti uthenga wawakhudza. Chinawakhudza chinali linyetsu.

Vuto la linyetsu m'tauni ndi loti lilibe kakandidwe kaulemu. Ukakanda mutu anthu amati ukuganiza. Ukakanda chibwano amati ndiwe wanzeru. Koma pakati pa kachala kakang'ono ndi kanzake, pomwe matendawa amakonda kumanga msasa, sungafikepo osavula nsapato, ndipo bwana savula nsapato pagulu. Choncho munthu amaphunzira magule achinsinsi. M'minibasi amagunditsa phazi kuchitsulo cha mpando wakutsogolo. Pamzere wa kubanki amaima ndi mwendo umodzi ngati kakowa. Mu ofesi amagwetsa bolopeni dala, n'kukhala pansi pa tebulo mphindi zingapo akuifunafuna.

Achemwali atawauza kuti "Bambo, ili ndi linyetsu," alamu anakwiya. Linyetsu, iwo anati, ndi matenda a anthu oweta ng'ombe, osati munthu womanga tayi. Apa ndiye analakwitsa zenizeni. Amene amayenda chosavala kapena ndi nkhwaira, phazi likupuma mphepo, sadwala kawirikawiri matendawa. Mwini wake weniweni ndi wa nsapato yotseka. Amayambitsa ndi mafangayi, abale ake a aja amabweretsa chipere m'mitu ya ana asukulu. Chakudya chawo ndi khungu lakunja lakufa, ndipo chimene amapempha n'chochepa: pofunda, ponyowa, pamdima. Nsapato ya alamu inali ndi zonsezi, lendi yaulere. Khungu la pakati pa zala limayera mbee ngati lanyikidwa m'madzi, limasupuka, limang'ambika, kenako tizilombo tina timabwera kudzachita nawo phwando, ndipo m'pamene fungo limayambira.

Nanga anawatenga kuti? Pampanda panagawanika. A landilodi anati ndi madzi a masiku ano. Amayi a nyumba ya pakona anati alamu anapondetsedwa mankhwala ndi mnzawo wa kuntchito wofuna mpando wawo. Maganizo amenewa alamu anawakonda kwambiri, poti ankasonyeza kuti ali ndi mpando woti munthu n'kuusirira. Palibe anatchula bafa lathu, lomwe simenti yake sinaumepo chimangireni. Mabanja 7 amasambamo motsatana, ambiri osavala kanthu kuphazi, ndipo pakona pali mwala umodzi wokwechera zidendene womwe ndi wa tonse ngati mjigo. Wodwala amasiya timamba ta khungu pansi, wotsatira amatola. Ulemu wa pampanda umatiletsa kubwerekana supuni osatsuka, koma mwala uja timalandirana ndi manja awiri.

Kenako inakhala komiti ya mankhwala, yomwe pampanda uliwonse siisowa. Makaniko wa nyumba yachitatu anabweretsa mafuta a buleki m'kabotolo. Alamu anadontheza pachilonda, ndipo kufuula kwawo kunamveka mpaka kumsika. Makanikoyo anati kuwawako ndiye umboni woti mankhwala akugwira. Wina anati palafini, wina phulusa ndi mandimu. Agogo a kuseri anawapaka jivi, zala zonse n'kusanduka zofiirira ngati za mwana woba mabulosi. Choopsa kwambiri chinachokera kwa mtsikana wa pasaluni, amene anawapatsa kirimu wake woyeretsa khungu. Masiku atatu kuyabwa kunatheratu, alamu n'kuyamba kumutcha dokotala. Makirimu ambiri otere amakhala ndi mankhwala amene amangogonetsa kuyabwa kwinaku akufooketsa chitetezo cha khungu, moti mafangayi amadya mwamtendere popanda wowasokoneza. Patatha masabata awiri linyetsu linali litatuluka m'zala, lafika kupansi kwa phazi, ndipo chikhadabo cha chala chachikulu chinayamba kuchita chikasu.

Tsiku la chiweruzo linafika Lachitatu lina madzulo. Mapemphero a m'makomo anagwera kwa mkulu wa mpingo wina ku Namiwawa, nyumba ya kapeti yoyera ngati ufa woyera. Titafika pakhomo tinapeza nsapato zitandandalikidwa ngati pamsika wa Limbe. Mayi a nyumba anamwetulira.

"Takulandirani, abambo. Nsapatozo tingosiya pomwepa."

Alamu anayesa zonse. Anati akhala pakhonde poti m'nyumba mwadzaza. Anati ali ndi chimfine cha m'mapazi. Anati zingwe zamangika mfundo. Mayiwo anaitana mwana kuti awathandize kumasula. Nsapato zinavulidwa.

Apa m'pamene ndinaona kuti anthu a m'tauni ndi ophunzira. Palibe ananena kanthu. Nyimbo yoyamba inaimbidwa ndi mpweya wochepa. Mayi a nyumba anadzuka n'kutsegula mawindo onse uku akuti, "Koma lero kwatentha." Bambo a nyumba anayang'ana kudenga n'kunena kuti akuganiza kuti khoswe wafera m'siling'i, ndipo amuna atatu anavomereza msanga kuti makoswe a chaka chino ndi ovuta. Wina anayatsa fani, imene inagawa nkhaniyo mofanana kwa aliyense. Alamu nawo anakwinya mphuno n'kuyang'ana kudenga pamodzi ndi anzawo. Zikanatha bwino pakanapanda kamwana ka zaka 4 kamene kanakwawira pansi pa mpando, n'kutulukako kakulengeza kuti, "Amami, khoswe uja ali m'sokosi mwa ankolo awa." Kanatsinidwa, monga amachitira aliyense wonena zoona m'nyumba ya kapeti.

Koma ine ndinaona chinanso. Pa nthawi ya pemphero lotsekera ndinatsegula diso limodzi (Mulungu andikhululukire) n'kuyang'ana pansi. Madikoni awiri ndi msungichuma anali atapinda zala m'sokosi, akuzikhuza pakapeti mwakachetechete. Khoswe sanali mmodzi.

M'mawa mwake achemwali anandituma kuti ndiwaperekeze kusitolo ya mankhwala. Alamu anadikira mpaka anthu atachepa, anaweramira pakauntala n'kunong'ona kuti ali ndi mnzawo amene mapazi akumuvuta.

"Mnzanuyo zikumuyabwa pakati pa zala?" anafunsa mayi wogulitsayo, ndi mawu oti amve ndi a panja omwe.

"Amatero."

"Khungu likusupuka? Chikhadabo chasintha mtundu? Ali ndi matenda a shuga?"

"Shuga ndilibe," anayankha alamu, mnzawo uja n'kufera pomwepo.

Mayiwo anati funso la shuga si lamasewera. Wa shuga kachilonda ka kuphazi kamatha kukula osamva kuwawa, choncho iye, komanso aliyense amene phazi latupa, lafiira kapena likutuluka mafinya, asataye nthawi ndi makirimu, apite kuchipatala. Kenako anaika katchubu ka clotrimazole pakauntala: kupaka kawiri patsiku, phazi litatsukidwa ndi kuuma, kwa masabata 4. Anatchulanso terbinafine, amene amagwira msanga, sabata imodzi kapena ziwiri, koma mtengo wake ndi wonenepa. Palinso mafuta akale aja a Whitfield, amene zipatala zakhala zikupereka kuyambira kalekale.

"Kuyabwa kukasiya musasiye kupaka, bambo. Ambiri mumasiya tsiku lachisanu, mvula ikabwera mwabweranso pano ndi mnzanu wina. Chikhadabocho kirimu sachilowa. Chimafuna mapiritsi a miyezi ingapo, ndipo amenewo akulembereni adokotala."

Alamu anafunsa dzina la matendawa m'Chizungu cha madokotala. Atamva kuti kachilombo kofala kwambiri ndi Trichophyton rubrum, nkhope inawala. Analemba pakapepala. Linyetsu analikana, koma ili linali dzina loyenera munthu wa ku Ginnery Corner, ndipo mpaka lero amauza anthu kuti anadwala matenda a Chilatini.

Zotsalazo zinali zowawa kuposa mafuta a buleki. Apukute pakati pa zala chimodzichimodzi, ndi kathaulo kakekake kosafika kwina kulikonse m'thupi, poti mafangayiwa akapeza thiransipoti amasamukira m'mphechepeche. Sokosi zikhale za thonje, zosintha tsiku lililonse, zochapa ndi kuyanika padzuwa. Nsapato zikhale mapeyala awiri, ina ikamagwira ntchito ina ikupuma. M'bafa asalowe chosavala, ndipo mwala wa tonse uja ausiye. Akafika panyumba avule, avale patapata.

"Patapata?" anatero alamu, ngati awauza kuti achotsedwa ntchito.

"Patapata, bambo."

Loweruka lotsatira nsapato zija zinakwezedwa padenga la malata kuti ziwombedwe ndi dzuwa, zitayasamula, malilime ali panja. Poti kuno ndi ku Ndirande, alamu anatenga kampando n'kukhala pansi pake kuzilondera. Anali mu kabudula ndi patapata za achemwali, zapinki, zokhala ndi kaduwa pamwamba, zala zitapakidwa kirimu n'kutambasulidwa ngati za bakha. Ndi nthawi imeneyo pamene mnyamata wa mesenjala wa kuntchito kwawo, wolembedwa kumene, analowa pageti ndi envelopu. Anayang'ana kuphazi, monga mwa mwambo, ndipo sanavutikenso kukweza maso.

"Aise, abwana a pano alipo?"

Alamu anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako analoza kumwamba ndi chibwano.

"Alipo. Ali padenga, akuwothera dzuwa."