Kompyuta yanga yakula

Kompyuta yanga yasintha khalidwe masiku ano, ndipo ine ndikuyamikira. Kale inkayaka mopupuluma ngati mwana wopanda mwambo. Tsopano imayamba yaganiza kaye mphindi 10, fani ikulira ngati chigayo cha dizilo pomwe sindinatsegule kalikonse. Ukulu umenewo.

Yayambanso kuwolowa manja. Lolemba inandiuza kuti ndapambana iPhone pa mpikisano womwe sindikukumbuka kuti ndinalowa nawo. Lachitatu inatumizira anzanga onse a pa Facebook uthenga m'Chingerezi chothyakuka kuposa changa, mpaka apongozi anayankha kuti zikomo. Antivayirasi nayo inadzizimitsa yokha, mwina posafuna kusokoneza.

Mnyamata wa kuofesi kwathu akuti ndi vayirasi. Umboni wake ndi wakuti flash yanga itabwerako kosindikizitsa zikalata, mafoda onse anasanduka ma shortcut, ndipo kalata ya lendi sikuonekanso. Nsanje basi. Wandikumbutsanso za mu Meyi 2000, pamene imelo ya mutu wakuti ILOVEYOU, yochokera ku Philippines, inadwalitsa makompyuta mamiliyoni padziko lonse chifukwa anthu ankaitsegula osafunsa, ngakhale itachokera kwa abwana awo. Ine sindikuwadzudzula. Mawu amenewo amasowa.

Nkhuku ikangowodzera masana timati chitopa, mpeni uli kale m'manja. Kompyuta ikawodzera miyezi itatu timati ndi netiweki.

Dzulo mnyamata uja wanditsukira flash ija. Koma inali itazungulira kale ofesi yonse, poti ndi yokhayo yomwe tili nayo, ndipo lero m'mawa tonse 12 tapambana iPhone.