Mmene Mungawonongere Mwana Amene Wangotha Msinkhu

Anthu a kwa Makanjira ku Salima amadziwa kudikira. Disembala akafika asodzi amasamuka pa chilumba cha Mbenji, ndipo palibe woponyako khoka kufikira Epulo, mfumu ikatsegula nyengo pa mwambo wa pa gombe la Chikombe. Lamuloli linayamba m'zaka za m'ma 1950, ndipo utaka umapeza miyezi yake yoswana ndi kukula. Pachilumbapo salola mowa, chamba kapena juga. Tsono amene akufuna kuwononga mwana wa zaka 13 mpaka 19 angochita naye zimene sangayerekeze kuchita ndi utaka. Njira zake ndi izi. Ndikuzilemba mtima ukuwawa, chifukwa ndaziona zikugwira ntchito pa ana amene ndimawadziwa maina.

Yambani ndi kukhulupirira thupi. Mnyamata akayamba kulankhula besi, mapewa atatambasuka, nenani kuti wakula basi. Musalabadire kuti mbali ya ubongo ya kuseri kwa chipumi, imene imathandiza munthu kudziletsa, kulinganiza za mawa ndi kuyeza phindu ndi ngozi, imamaliza kukhwima cha m'ma zaka 25. Mbali zokhudza mkwiyo, chisangalalo ndi chilakolako zimayaka msanga, thupi likangoyamba kusintha. Mwanayo amakhala ngati boti la injini yatsopano limene woyendetsa wake akuphunzirabe kugwira chiwongolero. Mukankhireni pakati pa nyanja mwera ukuwomba, ndipo likagubuduzika mudzanene kuti ndi wopusa chibadwire.

Kenako mulandeni tulo. Mwana wa msinkhu umenewu amafunika maola 8 mpaka 10 usiku uliwonse, ndipo thupi lake limachedwa kumva tulo kusiyana ndi la mng'ono wake. Zimene waphunzira masana zimakhazikika m'mutu ali m'tulo. Mtumizeni akagone panyanja ndi opha usipa, abwere m'bandakucha manja atatupa ndi chingwe, asambe kumaso n'kuvala yunifolomu. Akamasinza pa desiki aphunzitsi akulemba masamu pa bolodi, mutchuleni waulesi. Pofika Sitandade 7 adzasiya yekha, ndipo inu mudzatha kuuza abale kuti simunamuletse sukulu.

Ndalama za nsomba muzimupatsa m'manja popanda mawu, mumusiye ndi anzake. Mu 2005 akatswiri awiri a ku America, Margo Gardner ndi Laurence Steinberg, anayesa achinyamata ndi akuluakulu pa masewero oyendetsa galimoto a pa kompyuta. Achinyamata ankachita zangozi zochuluka anzawo akamawaonerera kusiyana ndi pamene ali okha, pomwe akuluakulu sankasintha kwenikweni. Maso a anzake amalemera kwambiri pa mwana wotere. Malamulo a pa Mbenji amathera m'madzi. Kumtunda kuno kuli kachasu, kuli kubetcha mpira pa foni, kuli anyamata akulu amene amaseka aliyense wokana. Musamufunse kumene wachokera, kapena amene anali naye.

Koma njira yozama kuposa zonsezi ndi yotseka pakamwa. Jean Piaget, katswiri wa ku Switzerland, anaona kuti cha m'ma zaka 11 kapena 12 mwana amayamba kuganiza za zinthu zimene sakuziona: chilungamo, zimene zikanachitika, chifukwa chake cha lamulo. Ndiye amafunsa. Bwanji timatseka Mbenji pomwe madoko ena akupha nsomba chaka chonse? Bwanji mwini ukonde amatenga zambiri chonsecho sanakwere ngalawa? Bwanji akazi saloledwa kufika pachilumba? Mafunso amenewa ndiwo nzeru zikumera. Bambo akanakhala naye pansi pa mtengo n'kumufotokozera za mphenzi za m'dzinja, za mizimu ya makolo, za nsomba zamazira, mwanayo akanaphunzira kulumikiza chinthu ndi chifukwa chake, mwinanso akanatsutsa n'kuphunzira kutsutsa mwaulemu. Inu musatero. Muyankheni kuti, "Wabadwa liti iwe? Ukufuna kundiphunzitsa ine?" Akabwereza, khofi. Pa ntchito mumuyese wamkulu, wokoka chilimira ngati atsibweni ake. Pa mawu mumuyese khanda. Mwana wogwidwa pakati pa ziwirizi amasiya kufunsa, ndipo posakhalitsa amasiyanso kudzifunsa.

Za mumtima ndi zosavuta kuzipha. Ndikukumbukira mnyamata wina atakhala pamchenga akusoka ukonde, zotsatira za mayeso a Sitandade 8 zitatuluka dzina lake palibe pa osankhidwa kupita ku sekondale. Singano inkalowa ndi kutuluka, iye osadzutsa mutu, misozi ikugwera pa ulusi. Munthu wamkulu anadutsa nati, "Mwamuna salira, iwe. Nsomba sizifunsa satifiketi." Onse anali pafupi anaseka. Chitani chimodzimodzi, ndipo muzichitira pagulu, chifukwa manyazi a pamaso pa anzake amamulowa mwana wotere mpaka m'mafupa. Akasiya kudya, akamadzipatula, akamapsa mtima ndi zazing'ono, nenani kuti ndi mwano kapena amulodza. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati mmodzi mwa achinyamata asanu ndi awiri a zaka 10 mpaka 19 ali ndi vuto la maganizo, ndipo mavuto ambiri otere amayamba munthu akadali pa msinkhu womwewu. Inu muumirire kuti zimenezo n'za azungu. Musamuuze kuti pali nambala yaulere ya 116 imene mwana angaimbe n'kulankhula ndi munthu womumvetsera.

Mtsikana ndiye sachedwa. Akangotha msinkhu, anankungwi atamulanga, muuzeni kuti tsopano sopo azidzionera yekha. Muikeni pa thandala loyanikira nsomba kumene ogula ochokera ku Lilongwe amafika ndi ndalama m'thumba, ndipo akabwera ndi chitenje chatsopano musafunse. Iye akufuna kukondedwa ndi kuonedwa ngati munthu, monga mwana aliyense wa zaka 15, ndipo sanafike poyeza bwino mawu okoma a bambo wa zaka 40. Mimba ikaoneka, fulumirani ndi ukwati. Musatchule kuti mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana ndipo sangakwatiwe, kapena kuti kuyambira 1993 mtsikana wobereka amaloledwa kubwerera kusukulu. Akapanda kudziwa, sadzapempha.

Chotsala n'kupirira nazo zaka zitatu kapena zinayi osasintha. Samalani ndi agogo amene amakonda kumuitana kuti adye nawo, ndi mphunzitsi amene amabwera pakhomo kudzafunsa chifukwa chimene wajombera, pakuti munthu wamkulu mmodzi yekha womumvetsera angathe kubweza zambiri zimene mwagwetsa. Mukawatalikitsa amenewa, Epulo wina adzafika, anthu adzasonkhana pa Chikombe, mfumu idzatsegula nyengo, ndipo mwana wanu wamwamuna adzakhala m'boti loyamba lopita ku Mbenji, wamphamvu, wa zaka 17, wosatha kuwerenga kalata ya kuchipatala. Madzulo ake mukadzamupeza atakhala yekha akuyang'ana madzi n'kumufunsa chimene akuganiza, adzakuyankhani kuti palibe.