Miyendo pansi pa galimoto

Mukadutsa ku Area 25 kapena ku Chilomoni Loweruka m'mawa, muona miyendo ya azibambo itatulukira kunsi kwa galimoto. Mitu simuiona. Eni miyendoyo ndi aja akana kutaya ma Land Cruiser, ma Hilux, ma Pajero ndi ma Land Rover akalekale. Anzawo amati ndi ziphakasa, iwo amati ndi chuma. Nkhani zawo zadzaza pokanyenya ndi pabawo, ndiye tatolako zingapo.

Mkangano waukulu udakali wa Toyota ndi Land Rover. A Land Cruiser amalumbirira injini ya 1HZ, ija ya dizilo ya malita 4.2 ndi masilinda 6, yopanda turbo. Akuti ikadwala, makaniko wa pa Jenda kapena pa Ntaja amaipeza vuto pongoitchera khutu, osati zamakonozi zofuna kulumikizidwa ku kompyuta. A Land Rover amayankha kuti thupi la Defender ndi la aluminiyamu, dzimbiri silikhudza. A Toyota amavomera mwaulemu, kenako amafunsa za chasisi, chomwe ndi chachitsulo, komanso za kadontho ka oyilo kamene kamatsala paliponse pomwe Defender yagona. Mkulu wina wa ku Namiwawa akuti adayankha kuti kadonthoko ndi umboni woti oyilo alimo, ndipo tsiku lomwe kadzaleke ndi pomwe adzasowe tulo. Defender yakaleyo idasiya kupangidwa mu Januwale 2016, koma mukamva eni ake akuiyamikira mungaganize kuti yafika dzulo. A Pajero amangomvetsera. Akapeza mpata amakumbutsa anthu kuti galimoto yawo idapambana mpikisano wa Dakar maulendo 12, ngakhale palibe wawafunsa.

Pa nkhani ya masipeya ndi pomwe onse amagwirizana, pakuti onse akulira. Chichokereni Novembala 2023 pomwe kwacha idagwetsedwa ndi 44 peresenti, ulendo wa ku Biwi kapena ku Ndirande umafuna mtima wolimba. Wogulitsa amakupatsani mitengo itatu: wa olijino, wa ya ku Dubai, ndi wa yochotsa pa galimoto ina yomwe idatsogola. Ambiri amatenga yachitatuyo n'kumadzitonthoza kuti chitsulo chakale n'cholimba. Ena atuma mlamu wa ku Johannesburg kuti akweze katundu pa basi, ndipo galimoto ikudikira pa njerwa mwezi wachitatu tsopano, nkhuku zitayamba kale kuikira kumbuyo kwake. Amene ine ndimawavulira chipewa ndi anyamata odula mabushi kuchokera ku matayala akutha. Mpeni, mwala wonolera, maso, basi. Bushiyo sikhala zaka, komatu imakufikitsani kumudzi ndi kubwerako.

Ndiye pali okongoletsa. Awa ndiwo akusekedwa kwambiri. Bambo wina wa ku Area 47 waika chipaipi chopumira injini chokwera mpaka kudenga, chija amati snorkel, kuti aziwoloka mitsinje. Anzake awerengera kuti mtsinje wokha womwe amawoloka ndi Lingadzi, ndipo amadutsa pamlatho. Wawonjezera chitsulo chakutsogolo, magetsi anayi othobwa m'maso, ndi matayala a m'matope omwe amalira pa phula mpaka wailesi osamveka. Matayalawo amamwa mafuta, izi aliyense akudziwa, koma mwini wake akuti ndi nsanje. Amene ali ndi Cruiser ya matanki awiri nawo atchuka pa mizere ya mafuta: akafika pa pampu, a kumbuyo amayamba kuguguda, mmodzi n'kufuula kuti, “Achimwene, mutisiyireko ifenso tili ndi ana!”

Nanga maulendowo? Pakamwa, aliyense adafikako ku Nyika. Mukafunsitsa mupeza kuti ambiri adathera pa Rumphi. Sindikuwanyoza, chifukwa msewu wopita ku geti la Thazima ndi kupitirira mpaka Chelinda umagwedeza bawuti iliyonse yomwe mudaiwala kumanga. Amene adafikadi amadziwika ndi nkhani imodzi: m'mawa wa mu Juni kapena Julayi, chisanu chitayala pa udzu, injini ya dizilo imakana kudzuka. Pamenepo ndi pomwe munthu amazindikira kuti ma heater plug ake adafa kalekale, kungoti kutentha kwa ku Nchalo kunkamubisira. Mbidzi zimangomuyang'ana akuitana anzake kuti akankhe.

Msewu wa Golodi, wochoka pa Chitimba kukwera ku Livingstonia komwe Robert Laws adakhazikitsa mishoni mu 1894, ndiwo sukulu ya madalaivala onyada. Ndi makilomita pafupifupi 15 okha, koma uli ndi makona akuthwa okwana 20. Okalamba pa ntchitoyi amati potsika, lowetsani giya yotsika, injini igwire galimoto. Wodalira mabuleki okha amafika pakati phazi likulowa mpaka pansi, fungo la kupsa litadzaza m'galimoto, apongozi kumbuyo atayamba nyimbo za kwaya. Izi si zoseka kwenikweni, ngakhale ofotokoza amaseka.

Nkhani yomwe yatiseketsa tonse ndi ya bwana wina yemwe adatitimira m'dambo popita ku Dzalanyama. Giya ya 4x4 adalowetsa bwinobwino, koma matayala akumbuyo okha ndiwo ankazungulira, akumwaza matope. Zina mwa galimoto zakalezi zimafuna kuti utsike, ukapotoze ndi dzanja timaloko ta pa matayala akutsogolo. Iye adaiwala, kapena sadauzidwepo. Adamukumbutsa ndi mnyamata woweta ng'ombe, koma adadikira kaye kuti anzake asanu alandire ya kukankha.

Amayi kunyumba ali ndi mbali yawo. Akuti ndalama ya fizi idasanduka mashokabu, ndipo Loweruka lililonse beseni lochapira limabwerako lakuda ndi oyilo. Wina akuti adauza mwamuna wake kuti, “Bambo a Junior, galimotoyi mukanangoilipirira lobola tidziwe kuti tili awiri.” Koma amayi omwewo ndiwo amanena monyadira kuti maliro akagwa kumudzi mu Febuluwale, msewu utasanduka phala, foni yoyamba imalira kunyumba kwawo. Abale a tima saluni tonyezimira tochokera ku Japan amakwera chiphakasa chija mwakachetechete, ndipo sakambanso zogulitsa mpaka mvula itatha.

Inu amene mnansi wanu ali m'gululi, akakuitanani kuti mungomugwirira tochi kwa mphindi zisanu, valani zovala zakutha ndipo mudyeretu nsima. Akakuitanirani ulendo wa ku Nyika, pitani ndithu, dzikolo n'lokongola. Koma musanakwere, gogodani tayala la sipeya muone ngati lili ndi mpweya, funsani komwe kuli jeke, ndipo munyamule juzi ndi nsapato zokankhira.