Kodi Kapulasitiki Kaja Kamaona Bwanji Malungo?

Kuno ku Mecanhelas, pakati pa nyanja ya Chilwa ndi ya Chiuta, udzudzu susowa. Mwana akatentha thupi timathamangira naye kuchipatala ku Insaca, kapena kwa wazaumoyo wa m'mudzi uja timati APE. Amamubaya chala, n'kuika kadontho ka magazi pakabowo ka kapulasitiki koyera, n'kudonthezera timadzi, ndipo pakatha mphindi 15 kapena 20 pamaoneka mizere. Ukakhala umodzi akuti malungo mulibe, ikakhala iwiri mwana ayambe mankhwala a Coartem. Tsono ine funso langa ndi la mwana: kanthu kopanda batire, kopanda maso, kamaona bwanji zimene zili m'magazi?

Akuti m'katimo muli kapepala kopakidwa ma antibody, asilikali aja amene thupi limapanga likalowedwa ndi mdani. Aliyense ali ngati galu wosaka amene amadziwa fungo la nyama imodzi yokha. Awa a m'kapepala amadziwa puloteni yotchedwa HRP2, imene kachilombo ka malungo kamatulutsa. Ena amaigwira atanyamula utoto, n'kuyenda nayo, ena omata pamzere n'kuikola pamenepo, mzere n'kufiira. Chabwino. Nanga asilikaliwo ndi a m'thupi mwa yani?

Akuti mbewa. Mbewa? Inde, koma osati zathu zokumba m'minda m'chilimwe. Izi ndi zoweta m'labotale. Mu 1975 ku Cambridge, Georges Köhler ndi César Milstein anatenga maselo a m'kapamba wa mbewa n'kuwaphatikiza ndi maselo a khansa amene saleka kuswana, ndipo anapeza selo lotulutsa msilikali wa mtundu umodzi mosalekeza. Analandira nazo mphoto ya Nobel mu 1984. Ndiye kuti moyo wa mwana wa ku Entre-Lagos, kuno ku Mecanhelas, watsamira pa ntchito imeneyo? Bwanji sanatiphunzitse zimenezi kusukulu?

Chimene chinandiimitsa mutu kwambiri n'chakuti ofufuza amatuma asilikali otere kukasaka zinthu zina m'kati mwenimweni mwa selo, zotchedwa ma kinase. Kinase ndi puloteni imene imamata kachidutswa ka phosphate pa inzake, inzakeyo n'kuyamba ntchito kapena kusiya. Uthenga woti selo likule, ligawike, kapena lidekhe umayenda motero. Munthu ali ndi mitundu yake yoposa 500. Ndipo alipo ma antibody amene amagwira kinase pokhapokha itamatidwa phosphate, moti wofufuza amadziwa kuti ilipo komanso ngati ili maso kapena ili m'tulo. Kinase imodzi ikakana kugona, khansa ikhoza kuyamba. Mankhwala a imatinib, amene analoledwa ku America mu 2001, amatseka kinase yotereyi pa khansa ina ya m'magazi.

Nanga kachilombo ka malungo kali nawo ake? Kali nawo. Nanga sitingakatsekere ake n'kusiya athu? Kelly Chibale, wobadwira ku Zambia, amene anayambitsa malo ofufuzira mankhwala a H3D pa yunivesite ya Cape Town mu 2010, anatsogolera gulu limene linapeza MMV390048, mankhwala otseka kinase ya kachilomboka yotchedwa PI4K. Anafika poyesedwa pa anthu, ngakhale kuti sanafike m'zipatala zathu. Ngati mwana wa ku Zambia anatha kutero, wa kuno ku Niassa chingamuletse n'chiyani? Ku Manhiça kuli malo ofufuzira matenda kuyambira 1996, koma ku Manhiça n'kufupi ndi Maputo, kutalitali ndi kuno.

Pali chinanso chondidetsa nkhawa. Ku Peru mu 2010 anapeza tizilombo ta malungo tosatulutsa HRP2 n'komwe, ndipo ku Eritrea tinachuluka mpaka dzikolo linasintha zoyezera mu 2016. Zikatero mwana ali ndi malungo, koma mzere umodzi. Komanso HRP2 imatsalira m'magazi kwa milungu ingapo munthu atachira, moti mizere iwiri ikhoza kubisa matenda ena amene akutenthetsa thupi.

Inu azaumoyo, mukamationetsa mizere, tiuzeninso zimenezi m'chinenero chathu. Ndipo inu amayi, mzere ukatuluka umodzi koma mwana akutenthabe thupi, musakhale naye pakhomo. Bwererani naye kuchipatala.