Jekete langa lapita ku ATEM

Kunyumba kwanga kwabuka katswiri wa zisudzo. Mwana wanga wachisamba, yemwe ali Fomu 3, wasankhidwa kukachita nawo sewero pampikisano wa ATEM, uja wa sukulu za sekondale wochitika m'Chingerezi. Nditamva ndinatukumuka. Pajatu malemu Du Chisiza Jr, amene anadzayambitsa gulu la Wakhumbata mu 1987, anatchukira mumpikisano womwewu ali mwana wasukulu ku HHI. Anzanga a pabawo ndinawauza kuti luso limeneli ndi lakumtundu, chifukwa inenso ndinachitapo sewero ndili Sitandade 6. Ndinali nkhosa ya abusa a ku Betelehemu, ndipo amene analipo amachitira umboni kuti nkhosa imeneyo inalira mogwira mtima.

Ndiye ndinamufunsa mnyamatayo kuti m'seweromo iye ndi ndani. Mfumu? Loya?

"Ayi ababa, ndine bambo wina wake woumira, wolongolola, wokonda ngongole."

"Nanga munthu wotereyo ukamuona kuti?"

Anangoyang'ana pansi. Mayi ake anathawira kukhitchini mapewa akugwedezeka.

Aphunzitsi awo akuti anawauza kuti kuloweza mawu pakokha si sewero, aliyense apeze munthu weniweni azimuonetsetsa mayendedwe, kakhalidwe pampando, ngakhale kakandidwe ka mutu. Chiyambire tsiku limenelo ndili ndi kazitape m'nyumba. Ndikamawerenga chenji cha kumsika kachiwiri, iye ali pakona ndi kope. Ndikazimitsa babu la pakhonde kuti mayunitsi asathe, walemba. Tsiku lina anagwada mwaulemu wake wonse n'kundipempha kuti ndikalipenso za sopo, ati sanaone bwino mmene mlomo wanga wam'munsi umanjenjemerera.

Kenako katundu anayamba kusowa. Jekete langa laukwati lili kusukulu. Chipewa chili kusukulu. Mpando wanga wandalema anaunyamula pakabaza ine ndikuona, ndipo masiku ano nkhani za pawailesi ndimamvera nditakhala pachigubu. Imvi amapangira ufa woyera, wa m'thumba lomweli limene ndinagula ndikudandaula. Mimba amaikapo pilo. Mayi ake anayang'ana piloyo, n'kuyang'ana ine, n'kulowa kuchipinda kukatenga wachiwiri.

Nkhani ya mawu ndiyo yatidanitsa ndi aneba. Lamulo la aphunzitsi ndi lakuti mawu azifika kumpando wakumbuyo kwenikweni popanda maikolofoni, ndiye mnyamata amayeserera m'bafa tambala asanalire. Bafa lathu ndi lapanja, lopanda denga. Mayi a kuseri kwa mpanda anafika chitenje chili m'manja kudzaleretsa, poganiza kuti ndayamba kukalipira banja m'Chizungu. Lamulo lina ndi lakuti osapatsa anthu nkhongo, moti ngakhale ukamutuma madzi akumwa amatuluka pabalaza cham'mbali ngati nkhanu.

Ndinayesa kumulangiza monga munthu wodziwa ntchitoyi. Ndinati taona Izeki ndi Jakobo, malemu John Nyanga ndi Eric Mabedi, anthu ankayamba kugwa ndi phwete iwo asanatsegule n'komwe pakamwa, ndipo zonse zinali m'Chichewa chathu chomwechi. Iye anati ku ATEM n'Chingerezi basi. Ndiye kuti kuumira kwanga kukafika pamaso pa majaji m'chilankhulo chimene mwini wakene ndimachimva mwa apo ndi apo. Ndikadzapita kukaonera, ndidzadziwa kuti andinena pokhapokha anthu a kutchalitchi kwathu akatembenuka kundiyang'ana.

Loweruka lapitali kunabwera bambo wa pagolosale kudzalonjerera ngongole ya shuga ndi mafuta. Mayi a kunyumba, amene sanapondepo pasiteji koma luso lawo limaposa tonsefe, anawalandira ndi nkhope yachisoni.

"Pepani achimwene, abambo alawirira ku Limbe, mwina abwera usiku."

Ine ndinali kuseri kwa chitseko cha kuchipinda, mpweya nditaugwira. Bambo uja anali atatembenuka kale. Pomwepo kuseri kwa nyumba kunamveka kutsokomola kwanga, kuja kwa kawiri kotsatizana ndi kukonza kukhosi.

"Alamu, musandinamize. Chifuwa chimenecho ndimachidziwa, chimabwera pagolosale panga mwezi uliwonse ukafika pakati."

Ndinatuluka, ndinapereka moni, ndinalipira ndalama imene ndinasungira kanyenya. Bambo uja atangopota pakona, mnyamata anatulukira ufa uli mbuu kumutu, mapilo awiri ali m'malaya.

"Ababa, pamenepo ndakhoza, kapena ndiwonjezere kukhosiko?"