Mmene Mungawerengere Masiku Obadwa a Anzanu Popanda Manyazi

Inu amene mwangolembedwa ntchito yoyendetsa ndege kukampani yaikulu ya ku America, landirani nambala yanu. Muisunge bwino kuposa pasipoti. Kuyambira lero luso lanu lonse, maola 1,500 amene munasonkhanitsa movutikira aja, ngakhale kutera kwanu kofewa kosadzutsa khanda, zonsezo n'zokometsera chabe. Chimene chidzasankhe ndege yoti muziyendetsa, mpando woti muzikhalapo, mzinda woti muzinyamukirako, ndiponso ngati Khirisimasi mudzadyere kwanu kapena m'chipinda cha hotela ku Omaha, ndi tsiku limene munalowa ntchito. Wolowa Lolemba lino ndi mkulu wa wolowa Lolemba la mawa mpaka onse awiri adzamere imvi. Mukalowa tsiku limodzi, makampani ena amaona wamkulu pobadwa, ena amaona manambala omalizira a Social Security. Ngati simukukhutira, kadandauleni kwa makolo anu kapena kwa kalaliki wa boma amene anakupatsani khadi lija muli kumsana.

Musafulumire kunyoza dongosololi. Bungwe la apailoti la ALPA, limene linayamba mu 1931, ndi mabungwe ena onga ilo, analimenyera nkhondo pachifukwa chomveka. Kukanakhala kuti bwana ndiye amasankha wokwezedwa, pailoti wokana kunyamuka pamene kunja kwaipa kapena injini ikutsokomola bwenzi akukalambira pampando wakumanja, wovomera zilizonse akuvala mizere inayi paphewa. Mndandanda sumva miseche ndipo sulandira mphatso. Uli ngati mzere wa pachigayo: woyamba kuika thumba ndiye woyamba kugaitsa, ngakhale chimanga chake chikhale chofumbwa. Kungoti mzere uwu umatenga zaka makumi atatu, ndipo mukapsa mtima n'kusamukira kukampani ina, mumakayambira kumchira, kaya munali kaputeni wa zaka makumi awiri.

Munthu amene ali pamzere salephera kusuzumira kutsogolo. N'chifukwa chake apailoti ena odziwa kompyuta anapanga mapulogalamu olosera. Kagwiridwe kake n'kosavuta mpaka kuchititsa manyazi. Lamulo la ku America limati pailoti wa ndege zikuluzikulu zonyamula anthu aleke akakwanitsa zaka 65. Pulogalamuyo imatenga mndandanda wonse wa kampani, n'kuona chaka chimene aliyense adzafike pamenepo, n'kumafufuta mayina a amene ali kutsogolo kwanu mmodzimmodzi. Kenaka imakujambulirani mzere wokongola wokwera phiri, n'kukuuzani chaka chimene mudzakhale kaputeni wa Boeing 737, ndi chaka chimene mudzafike pa Boeing 777 kapena Airbus A350, ndege za maulendo ataliatali zimene zimalipira bwino. Ndi masamu ochotsera a sitandade 3, koma ovala tayi.

Pulogalamuyi muziitsegula m'mawa uliwonse musanatsuke mkamwa. N'zoona kuti nambala yanu siingasunthe pakati pa Lachiwiri ndi Lachitatu, koma kuiyang'ana kumalimbitsa mtima. Mukaona kuti mwachoka pa 14,212 kufika pa 14,196, mudziwe kuti kwinakwake kuli mabanja 16 amene akudula keke, ndipo inunso muli ndi ufulu wosangalala nawo chamumtima.

Pamafunika ulemu ndithu. Mukakhala m'chipinda choyendetsera ndege ndi kaputeni wa imvi, musamufunse zaka mwachindunji, zimenezo n'zamwano. Mufunseni chaka chimene anamaliza sekondale, kapena ndege imene anayamba kuyendetsa. Akatchula Boeing 727, mtima wanu ukondwe koma nkhope isaonetse. Akatsokomola, musatulutse foni. Mupatseni madzi, muuzeni kuti akuoneka wathanzi, ndipo foniyo mukaitsegule mukafika kuhotela. Mwina mwamva kuti pailoti wopitirira zaka 40 amayenera kupimidwa ndi dokotala miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, ndipo ena amaleka ntchito nthawi isanakwane chifukwa cha mtima kapena maso. Mapulogalamu ena ali ndi malo oti muikepo chiyerekezo cha anthu otere. Lembanipo nambala mwakachetechete, ndipo Lamlungu musaiwale kupita kutchalitchi.

Tsopano tifike pa kabokosi kofunika kuposa tonse, kamene kamafunsa kuti kampani yanu izikula ndi maperesenti angati pachaka. Apa ndi pamene pali ufiti wonse. Mukalemba 0, mudzakhala kaputeni ana anu ali kukoleji. Mukalemba 3, mudzakhala kaputeni asanayambe sukulu. Mukalemba 5, yambani kufunsa mitengo ya maboti. Poti palibe amene akudziwa nambala yoona, ngakhale mkulu wa kampaniyo, langizo langa ndi lakuti muzilemba imene ikukugonetsani tulo tabwino. Ubwino wake pulogalamu siitsutsa. Imatenga khumbo lanu, n'kulichulukitsa ndi zaka makumi atatu, n'kukubwezerani lili ndi madontho ndi mitundu, moti mumaiwala kuti munalilemba ndinu. Kukakhala kuti makampani awiri akukufunani, Delta ndi United mwachitsanzo, lembani 4 ku imene mtima wanu wakonda kale ndi 1 ku inayo, kenaka muuze akunyumba kuti mwasankha potsatira kafukufuku.

Padzapezeka akuluakulu ena ofuna kukusokonezani ndi mbiri yakale. Muwapewe, makamaka pa maulendo ausiku pamene nkhani zimatalika. Adzakuuzani za Pan Am, kampani imene pailoti aliyense ankailota m'zaka za m'ma 1960. Mnyamata wolowa kumeneko akanakhala ndi pulogalamu yanuyi, bwenzi itamuonetsa akupuma pantchito ali kaputeni wa Boeing 747, atazunguliridwa ndi maluwa. Pan Am inatseka pa 4 December 1991. Eastern inali itatseka kale mu January chaka chomwecho, Braniff mu 1982. Mndandanda wa kampani yakufa ndi pepala lokulungira zinthu basi. Adzakuuzaninso za apailoti a TWA, amene kampani yawo itagulidwa ndi American mu 2001, ambiri anangomatidwa kumchira kwa mndandanda watsopano. Patangopita miyezi yochepa kunachitika za pa 11 September, makampani anayamba kuimitsa anthu ntchito, ndipo poimitsa amayambira kumchira komweko. United inapita kukhoti kukalengeza kuti yalephera kubweza ngongole mu 2002, Delta ndi Northwest tsiku limodzi mu September 2005, American mu 2011. Mukamva zonsezi, yankhani mwaulemu kuti nthawi imeneyo kunalibe mapulogalamu abwino.

Koma nkhani imene muyenera kutseka makutu kwambiri ndi ya pa 13 December 2007. Kwa zaka pafupifupi 50 lamulo linkati pailoti aleke ali ndi zaka 60. Chimenechi ndicho chinthu chokhacho chimene wolosera aliyense ankachidziwa motsimikiza, maziko a masamu onse. Tsiku limenelo Pulezidenti George W. Bush anasaina lamulo lokweza zakazo kufika pa 65, kutsatira bungwe la mayiko loona za ndege la ICAO limene linali litatero mu 2006. Anthu amene anagona ali ndi miyezi itatu kuti akhale makaputeni anadzuka ali ndi zaka zisanu ndi miyezi itatu. Akuluakulu amene anali atalongedza kale zikwama anazimasula. Mpaka kumapeto kwa 2012 mzere unangoti chilili, ndipo mavuto a zachuma a 2008 anaunjikanso pamwamba pake. Palibe kompyuta imene inalakwitsa kuchotsera. Masiku obadwa anali omwewo. Anangosuntha mzere womalizira mpikisano othamanga ali m'njira.

Nanga makampani akaphatikizana? Pamenepo pulogalamu yanu ipumitseni, mufune loya. US Airways ndi America West zinagwirizana mu 2005. Apailoti a US Airways anali akale pantchito koma kampani yawo inali ikudwala, ambiri ataimitsidwa. A America West anali achinyamata koma a kampani yoyenda bwino. Woweruza mkangano wa kuphatikiza mindandanda yawo, George Nicolau, atapereka mndandanda wake mu 2007, a US Airways anaukana, natuluka mu ALPA, napanga bungwe lawolawo. Kwa zaka zambiri anthu ovala yunifolomu imodzi ankauluka padera, kumangokumana kukhoti, mpaka kampaniyo inaphatikizananso ndi American mu 2013. Mmodzi wa apailoti a US Airways panthawiyo anali Chesley Sullenberger, amene anateretsa ndege pamtsinje wa Hudson mu January 2009 popanda wofa ndi mmodzi yemwe. Mwezi wotsatira anauza aphungu ku Washington kuti malipiro ake anadulidwa ndi maperesenti 40 ndipo penshoni yake inathetsedwa. Kuteretsa ndege pamadzi sikunamusunthe pamndandanda ngakhale ndi nambala imodzi. Inu amene mukuganiza kuti kufika msanga kuntchito kukuthandizani, lingalirani zimenezo.

Kuti tisanamizire pulogalamu, nthawi zina imalakwitsa mokomera inu. Mu 2020, mliri wa COVID-19 utaimika ndege m'zipululu, aliyense ankawerenga kuti makalata oimitsa ntchito afika pa nambala iti. Boma linathira ndalama zolipirira antchito, makampani ananyengerera akuluakulu kuti apume msanga, ndipo ku Delta kokha apailoti oposa 1,800 anavomera. Anthu atayambiranso kuyenda, mipando inapezeka yopanda eni. Mu 2022 ndi 2023 makampani akuluakulu ankalemba apailoti oposa 12,000 pachaka, ndipo ena anavala mizere inayi asanathe zaka ziwiri, pamene akuluakulu awo anadikira zaka khumi ndi kuposa. Ngati ndinu mmodzi wa amwayiwo, muziuza achinyamata kuti zonsezi munazikonzekera. Amene anamva nkhani yanu n'kukatenga ngongole ya sukulu anafika mu 2024, chaka chimene chidutswa cha khoma la ndege ya Alaska Airlines chinathothoka m'mlengalenga pa 5 January, Boeing n'kuchedwa kupereka ndege zatsopano, United n'kuyamba yaimitsa kulemba anthu, Spirit n'kuimitsa ena mwa apailoti ake. M'pulogalamu mulibe kabokosi ka mabawuti amene wina anaiwala kumanga kufakitale.

Kodi ndiye kuti chidachi n'chachabe? Ayi, ndipo apa ndileke kaye nthabwala. Pa zinthu zapafupi, za chaka chino ndi chamawa, chimathandiza kwambiri, chifukwa nambala imene imalamulira moyo wanu si ya kampani yonse koma malo anu pakati pa anzanu a mzinda umodzi, ndege imodzi ndi mpando umodzi. Wothandiza kaputeni amene ali pamwamba pa gulu lake amasankha maulendo ndi masiku opuma. Tsiku limene wavomera ukaputeni amagwera pansi pa gulu lina, kumene amakhala wodikira kuitanidwa, foni ili m'manja, nthawi zambiri ku New York kapena Newark kumene akuluakulu safuna, akugona pabedi losanjikiza m'nyumba ya lendi yogawana ndi anzake ambirimbiri. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Mu 2023 ku United mipando yambiri ya ukaputeni inasowa oifuna pachifukwa chomwechi: anthu anawerenga, naona kuti ndalama zowonjezerazo sizingagule Loweruka. Pulogalamu ikakuuzani kuti ku Newark mudzadikira foni miyezi yochepa pamene kumzinda wina mudzadikira zaka, imveni. Ikayamba kukuuzani za 2052, muziimvera monga mumamvera mlamu wanu akamafotokoza za bizinesi imene akufuna kuyamba.

Akunyumba musawaonetse tchati chonse. Mukangowaonetsa chaka cha ukaputeni, chakacho chimasanduka lonjezo, ndipo chidzatchulidwa pa mkangano uliwonse. Aonetseni mzere wokwerawo muli chapatali, chala chanu chitaphimba manambala a m'munsi. Nyumba mugule ya malipiro amene muli nawo, koma mukamacheza ndi anzanu muzikamba za nyumba ya malipiro a Boeing 777.

Chotsala ndi ndale. Nkhani yokweza zaka kufika pa 67 inadutsa m'nyumba ya malamulo yaing'ono mu 2023, koma komiti ya Senate inaikana kumayambiriro kwa 2024, ndipo lamulo limene linasainidwa mu May chaka chimenecho linasiya 65 pamalo pake. ALPA inatsutsa, ponena mwa zina kuti malire a mayiko onse akadali 65, choncho akuluakuluwo sakanaloledwa kuuluka kunja, bwenzi atabwerera ku maulendo a m'dziko n'kukankhira achinyamata pansi. Nkhaniyi idzabweranso, ndipo muyenera kukhala ndi maganizo olimba. Panopa, poti muli ndi zaka 31, lembani kalata yaukali kwa phungu wanu yofotokoza kuti munthu wa zaka 66 maso ake ndi ofooka, amaiwalaiwala, ndipo adzukulu ake akumusowa. Muisaine ndi dzina lanu lonse. Koma musaifufute mukompyuta. Mukadzakwanitsa zaka 62, muli pa nambala 340, ngongole ya boti isanathe, mudzaitsegule, musinthe ziganizo zitatu, muonjezepo mawu akuti "luso la zaka zambiri", n'kuitumizanso ku ofesi yomweyo.