A Dzino Lakuda, Landirani Ulemu Wanu

M'kamwa mwa munthu wamkulu mumakhala mano 32, onse atavala yunifolomu imodzi ngati ana asukulu pa asembule. Anga 31 ndi otero. Lotsalalo ndilo mwini bwalo lero: dzino langa lakutsogolo, lam'mwamba, limene chogwirira cha mjigo chinalipatsa moni m'mawa wina chitandipulumuka m'manja. A Dzino, khalani pampando ndikutamandeni.

Ndiyambe ndi kudekha kwanu. Chakudza sichiimba ng'oma, ndipo inunso simunaimbe. Mlomo unatupa ngati mandasi, anthu onse n'kumaupepesa, koma patapita masiku atatu unaphwa. Inu simunathyoke, simunadandaule, chonsecho m'kati mwanu munali mutagwa zovuta. Timitsempha tamagazi tinaphulika, magaziwo n'kulowerera m'timabowo ta m'thupi mwanu tosaoneka ndi maso. Munayamba mwafiirira ngati m'kati mwa gwafa. Magazi aja atawonongeka, ayironi wake anakupakani mtundu wa phulusa, kenako wa mtambo wa mvula ya mu Januwale. Anzanu ena ovulala amasanduka achikasu, chifukwa amamanga khoma lina m'kati mpaka kanjira ka mtsempha kutsekeka. Inu munasankha suti yakuda, ya akuluakulu.

Komanso simulandira ziphuphu. Ndakutsukani ndi Colgate m'mawa ndi madzulo. Azakhali anabwera ndi makala osinja, mnzanga anati phulusa ndi mchere, wina pa minibasi anati soda ndi ndimu. Zoterezi mwina zingaopseze utoto wa tiyi ndi fodya umene umangokhala pamwamba, koma wanu uli m'kati, kumene mswachi sufika. Amene anaona zakuda ndi anansi anu osalakwa: ndinawapala mpaka anayamba kundibaya ndikamwa madzi ozizira.

Nanga chilungamo chanu? Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Alipo mano oyera mbee amene kuseri kwawo kuli mphanga yoti njere ya mpunga n'kugonamo. Inu mulibe kuseri. Zimene zinachitika m'nyumba mwanu munazipachika pakhomo, aliyense wodutsa aziwerenge.

Pa nkhani ya khama ndiye musachite kunena. Timamva za anthu amene anaikidwa m'manda kalekale koma mayina awo akulandirabe malipiro mwezi ndi mwezi. Inu munatembenuza mwambowo. Adokotala a mano anakugogodani, anakukhudzani ndi kathonje kozizira, inu duu. Atakujambulani anagwedeza mutu, nati mtsempha unafa. Ndiye kuti ndinu malemu, koma tsiku lililonse muli pantchito, kuluma chimanga chootcha ndi chinangwa, osafunsa alawansi.

Ineyo mwandilera kuposa ankhoswe. Kale ndinkaseka chikhakhali mpaka kuonetsa m'mero. Lero ndimaseka chogwira pakamwa ngati mkamwini pamaso pa apongozi. Pa zithunzi za ukwati wa mlongo wanga ndine ndekha amene ndikuoneka ngati ndikusinkhasinkha za dziko. Ana okha ndiwo sadziwa kubisa: "Amalume, kanyemba kakumatirirani apo!"

Komabe malemu, ngakhale akhale aulemu chotani, sawasunga m'nyumba. Adokotala anandiuza kuti kukhala chete kwanu si mtendere. Tizilombo tikapeza chipinda chopanda mwini timamangamo mudzi, mafinya amasonkhana kunsonga kwa muzu, pa nkhama pamatuluka kachithupsa, ndipo tsiku lina tsaya limadzuka litafufuma. Ndinawafunsa ngati n'kukuzulani. Anati ayi, muzu wanu ukadali wolimba. Adzaboola kabowo kumbuyo kwanu, achotse mtsempha wakufawo, atsuke bwinobwino, atseke. Kenako akhoza kuikamo mankhwala okuyeretsani kuchokera m'kati, ndipo zikakanika adzakuvekani chimene iwo amachitcha chisoti.

Chisoti, a Dzino! Mano 31 atafuna nsima zaka zonsezi, palibe limene analiganizirapo zotere. Choncho Lolemba tilawirira limodzi, ine ndi ndalama za mbuzi imene ndagulitsa, inu ndi mbiri yanu. Mukadzatuluka mutayera ngati anzanu, palibe adzakulozeninso chala, ndipo ndikuopa kuti ndidzakusowani. Otsala odziwa kuti munali yani tidzakhala awiri basi, ine ndi mjigo uja.